Ichi N'chiyani N'kulinga Muli Awiri

Akuluakulu akale anasiya mwambi wakuti "ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri." Ankatanthauza kuti munthu akakumana ndi chinthu chachilendo ali yekha amasowa womufunsa, ndipo maganizo ake amamunamiza msanga. Mwambiwu unabadwa m'masiku amene chachilendo chinali phazi la chilombo pamatope kapena chipatso chosadziwika m'thengo. Lero chachilendo chimene chimazunguza mitu ya anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira kudzera pa boma la Mangochi mpaka ku Monkey Bay ndi ku Chembe, n'chachitsulo. Ndi injini yakale imene yagona kuseri kwa chigayo chimene chinaleka kugaya, pansi pa mtengo wa mango pa galaja, kapena m'chisakasa cha malemu, popanda wodziwa kuti inachoka m'galimoto yanji, inapangidwa kuti ndiponso liti.

Injini zotere n'zosasowa m'derali chifukwa anthu a kunyanja sankataya injini galimoto ikatha thupi. Ya lole inkakapopa madzi kapena kuzunguza chigayo; ya galimoto yaing'ono inkakayendetsa makina owotcherera zitsulo kapena kukhazikidwa m'boti lamatabwa. Zina zinachokera ku mishoni, zina ku maesiteti a fodya a ku Namwera, zina ku magalimoto a boma ogulitsidwa atatopa, ndipo zina zinabwera ndi matchona a ku Halale ndi ku Joni. Injini ikasintha manja kanayi kapena kasanu, mbiri yake imatsala m'manda pamodzi ndi eni ake oyamba. Mfundo ya nkhani ino ndi imodzi: injini yotere isaphwasulidwe, isagulidwire zipangizo ndiponso isagulitsidwe pa sikelo isanafunsidwe kuti ndi yani. Ndipo kufufuta zizindikiro zake n'kulakwa kofanana ndi kuiwalitsa mwana wamasiye mfunda wake.

Mwambo wolandira mlendo uli ndi phunziro pankhaniyi. Mlendo akafika pamudzi sankamupanikiza ndi mafunso ali chiimire. Ankayamba amulandira katundu, kumuyalira mphasa, kumupatsa madzi, kenaka n'kumulonjera. Akapuma m'pamene mkulu wa pamudzi ankafunsa mwaulemu kuti, "Kodi kwanu n'kuti? Nanga mfunda wanu ndani?" Dzina lokha silinkakwanira, pakuti dzina munthu amatha kusintha kuchinamwali kapena kuulendo. Mfunda ndiwo unkaulula ngati mlendoyo ndi Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe, ndipo kuchokera pamenepo ankadziwa womutcha m'bale ndi woyenera kukwatirana naye. Amene anali ndi maso ankayang'ananso mphini za pankhope ndi kumvetsera kalankhulidwe, chifukwa lilime limaulula kwawo kwa munthu ngakhale mwini wake atafuna kubisa. Injini nayo ili ndi dzina, mfunda, mphini ndi kalankhulidwe. Osowa ndi anthu odekha oti aifunse.

Amene akuganiza kuti timanambala ta pa chitsulo n'topanda pake akumbukire mbiri ya sitima ya Chauncy Maples. Sitimayi inapangidwa ku Glasgow, m'dziko la Scotland, ndi kampani ya Alley & McLellan, ataiitanitsa amishoni a UMCA a mpingo wa Anglican, ndipo inapatsidwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanja ya Malawi mu 1895. Atatha kuipanga anaiphwasula m'zidutswa zoposa 3,400 kuti inyamulike. Zidutswazo zinadzera mumtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, ndipo pamene pali mathithi zinasenzedwa pamitu. Chiwiya chachikulu chowiritsiramo madzi, cholemera matani 11, chinakokedwa pamtunda ndi Angoni 450. Chidutswa chilichonse chinali chitadindidwa nambala yosonyeza pamene chiyenera kulumikizidwa. Tsoka ilo, manambalawo anadindidwa zitsulo zisanakutidwe ndi zinki, chija chimateteza malata ku dzimbiri, ndipo zinkiyo inakwirira manambala. Amisiri anatsala ndi mulu wa zitsulo zosalankhula. Ntchito yolumikiza inatenga zaka ziwiri, ndipo sitimayo inalowa m'madzi pa 6 Juni 1901. Zitsulo zonse zinalipo. Chimene chinasowa ndi mayina ake okha.

Sitima yomweyi ikuphunzitsanso chinthu chachiwiri. Inabadwa ndi injini yoyendera nthunzi, koma mu 1967, pamene boma linaikonzanso kuti izinyamula anthu ndi katundu, inaikidwa injini ya dizilo ya Crossley. Munthu woyang'ana thupi la sitimayo n'kunena kuti injini yake ndi yomwe ija ya m'zaka za m'ma 1890 akananama osadziwa. N'chimodzimodzi ndi magalimoto: Land Rover yakale ikhoza kukhala ndi injini ya Toyota m'mimba mwake, kotero mawu akuti "inachoka mu Land Rover ya abambo" satsimikiza kanthu. Tsono injini yanthunzi ija sinatayidwe. Inakasungidwa ku Lake Malawi Museum pa boma la Mangochi. Pa boma lomwelo panasungidwanso mfuti ya mtundu wa Hotchkiss ya m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inalemaza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja, ku Liuli. Zitsulo ziwirizi zinapulumuka chifukwa anthu ankadziwa mayina ake. Zikanakhala zopanda dzina, bwenzi zitapimidwa pa sikelo kalekale.

Nanga injini imafunsidwa bwanji? Monga mlendo uja, iyambe yapatsidwa madzi osamba. Oyilo wakuda ndi dothi zimatsukidwa ndi palafini kapena dizilo ndi burashi, pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Makina opalira zitsulo ndi sandipepala wokhakhala zisayandikire, chifukwa manambala odinda ndi osaya, ndipo dzanja laphuma limawachotsa limodzi ndi dzimbiri. Nambala yozilala imaoneka ikapakidwa choko n'kupukutidwa pamwamba, kapena ikaunikidwa ndi tochi kuchokera chammbali kukada. Njira ina ndi ija ya ana asukulu pojambula ndalama yachitsulo: kuika pepala pamwamba n'kulidetsa ndi pensulo mpaka zilembo zitatulukira. Chilichonse chopezeka chilembedwe m'kope nthawi yomweyo, pamodzi ndi malo amene chapezeka, chifukwa kampani iliyonse inali ndi malo akeake odindapo, ndipo malowo nawonso ndi chizindikiro.

Funso loyamba ndi la chakudya chake. Injini ya petulo imakhala ndi mapulagi oyatsira moto, zingwe zonenepa zopita ku mapulagiwo, ndi kabuleta yosakanizira petulo ndi mpweya. Ya dizilo ilibe zimenezi; ili ndi pampu ndi timipope tachitsulo, kamodzi pa silinda iliyonse, topita ku manozo. Ngakhale zonsezi zitazulidwa, zibowo zake zimatsala, ndipo kuwerenga zibowo za mapulagi kapena za manozo ndiko kudziwa kuchuluka kwa masilinda. Munthu asawerenge mipope yotulutsa utsi, chifukwa imanamiza. Injini zing'onozing'ono za Austin ndi Morris zotchedwa A-series zili ndi masilinda anayi koma zibowo za utsi zitatu zokha, poti masilinda awiri apakati amagawana chibowo chimodzi. Wodziwa zimenezi akapeza zitatu pamene ankayembekezera zinayi sadabwa. Wapeza kale mphini yoyamba.

Funso lachiwiri ndi la kaumbidwe. Injini yopanda njira za madzi, yokhala ndi zipsepse zachitsulo ngati za nsomba, masilinda ake anayi atagona awiri uku awiri uko, kawirikawiri ndi ya Volkswagen yakale yoziziritsidwa ndi mphepo. Imene chotengera chake cha oyilo chikusonyeza kuti inkakhala mopendekera kumbali ikhoza kukhala ya Peugeot 404, galimoto imene inatuluka mu 1960 ndi injini ya 1,618 cc yopendekeka ndi madigiri 45. Masilinda asanu ndi limodzi ondandalika mzere umodzi amakumbutsa malole a Bedford kapena Land Cruiser. Kenaka munthu ayang'ane mutu wa injini. Ukakhala wafulati ngati thabwa, mapulagi ataima pamwamba popanda chivindikiro, ndiye kuti mavalavu ali m'mbali, umene ndi mpangidwe wakale kwambiri, wonga wa Morris Minor yoyamba ya 1948. Land Rover zoyambirira za petulo, za 1,595 cc ndi za 1,997 cc, zinali ndi mavalavu olowetsa mpweya pamwamba ndipo otulutsa utsi m'mbali, motero zili ndi zivindikiro ziwiri, china pamutu china m'nthiti.

Funso lachitatu ndilo la mfunda ndi dzina, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Pa injini pali manambala a mitundu iwiri. Ena ndi otumphuka, oumbidwira limodzi ndi chitsulocho pamene chinkathiridwa m'chikombole chili chosungunuka. Woumba njerwa amadziwa kuti chikombole chokhala ndi chipsera chimasiya chipseracho pa njerwa zonse. Momwemonso nambala yotumphuka imapezeka pa injini zikwizikwi zotuluka m'chikombole chimodzi. Umenewu ndiye mfunda. Ena ndi olowa m'kati, odindidwa pamalo osalazidwa bwino, kawirikawiri pa thunthu la injini, limene amakaniko amati buloko. Imeneyi ndi nambala ya injini imodzi yokhayo, dzina lake lenileni, ndipo ndi imene imalembedwa m'buku la galimoto. Zilembo zoyambirira za nambala yodindayo nthawi zambiri zimatchula mtundu wa injini: ya Toyota imayamba ndi zilembo monga 12R kapena 2F, ya Datsun ndi monga A12. Wolemba nambala yotumphuka n'kumayesa kuti walemba dzina ali ngati wopita mumzinda wa Blantyre kukafunafuna "a Phiri".

Pa zitsulo zina pamakhala mawu athunthu oumbidwa. Liwu lakuti MOWOG limapezeka pa zipangizo za banja la Morris, Wolseley ndi MG. STANPART ndi la kampani ya Standard ya ku Coventry, imene inkapanganso mathirakitala otuwa a Ferguson TE20 pakati pa 1946 ndi 1956. FoMoCo ndi la Ford. Mayina ena a injini ndi masamu obisika. Perkins 4.236, ya ku Peterborough, ikunena kuti ili ndi masilinda anayi ndipo kukula kwake ndi 236 poyeza m'mainchi. Lister 6/1, ya ku Dursley, ikunena kuti ili ndi mphamvu za akavalo asanu ndi mmodzi ndi silinda imodzi. Vuto ndi lakuti makampani ena, monga opanga A-series ija, ankadinda dzina la injini pa kachitsulo kopyapyala kokhomedwa ndi timisomali tiwiri. Kachitsuloko kakatayika pamatsala timabowo tiwiri tokha. Wotsuka kapena wopenta injini asakazule, pakuti akakazula wataya chiphaso cha mlendo.

Dzina likasowa, kalankhulidwe kamathandiza, ndipo lilime la injini lili m'mabawuti ake. Mu 1841 Joseph Whitworth wa ku England anakhazikitsa muyeso wa mazinga a bawuti, ija mizere yozungulira imene nati imayendamo, okhala ndi ngodya ya madigiri 55. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mayiko a Britain, America ndi Canada anagwirizana za muyeso wina wa mainchi, wa madigiri 60, ndipo makampani a ku Britain anausamukira pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. France, Germany ndi Japan ankagwiritsa ntchito mamilimita. Motero bokosi la masipanala ndi womasulira wokwanira. Bawuti imene ikukana sipanala ya mamilimita ndi ya mainchi yomwe, koma n'kulola yolembedwa W kapena BSF, ndi ya ku Britain ndipo ndi yakale. Ikalola ya mainchi yolembedwa AF, ndi ya ku America kapena ya ku Britain ya pambuyo pake. Pakati pa za mamilimita palinso kusiyana: injini za ku Japan zimakonda masipanala a 10, 12, 14 ndi 17, pamene za ku Ulaya zimafuna 13 kawirikawiri. Sipanala yosalingana isakakamizidwe, chifukwa imadya mutu wa bawuti n'kuwononga umboni.

Komabe mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi. Kampani yomwe ija ya Hotchkiss, mwini dzina la mfuti ya pa boma la Mangochi, inali ya ku France, ndipo inali ndi fakitale ku Coventry imene itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayamba kupangira Morris injini. Morris anagula fakitaleyo mu 1923, makina ake achifalansa ali momwemo. Chotsatira chake, mpaka m'zaka za m'ma 1950 injini zambiri za Morris ndi MG zinali ndi mabawuti a mazinga a mamilimita koma mitu ya Whitworth. Mlendo ameneyu amalankhula zilankhulo ziwiri, ndipo womumvera mbali imodzi amulembera kwawo kolakwika. Zovala nazonso ndi mboni yofunika kuichenjerera. Sitata, dainamo ndi kabuleta zinkapangidwa ndi makampani ena: Lucas ndi SU ku Britain, Bosch ku Germany, Solex ku France, Nippondenso ndi Hitachi ku Japan. Lucas ankadinda nthawi yopangira pa zipangizo zake, ndipo zipangizo ziwiri kapena zitatu zikatchula chaka chimodzi, injiniyo ndi ya chaka chomwecho kapena chotsatira. Chimodzi chokha sichikwanira, pakuti malaya obwereka saulula mfunda wa wowavala.

Mboni imene sinama ndi masamu, ndipo ndi masamu amene mwana wa Fomu 2 angawachite. Mutu wa injini ukatsegulidwa, munthu ayeze kukula kwa pakamwa pa silinda ndi mtunda umene pisitoni imayenda kuchokera pamwamba kufika pansi. Tiyerekeze kuti pakamwa papezeka masentimita 9.05 ndipo mtundawo ndi masentimita 8.89. Theka la 9.05 ndi 4.525, kuchulukitsa ndi mwini wake kumapereka 20.48, kuchulukitsanso ndi 3.14 kumapereka 64.3, ndi 8.89 kumapereka pafupifupi 572. Ndi masilinda anayi kumapereka pafupifupi 2,286. Yankho limenelo ndi kukula kwa injini ya Land Rover yotchedwa 2.25, imene ya petulo inayamba mu 1958. Ngati yankho lapitirira pang'ono, munthu apale mwaye wa pamwamba pa pisitoni. Akapeza STD ndiye kuti masilinda sanakulitsidwepo, akapeza.020 kapena .030 ndiye kuti anapalidwapo kale, ndipo pisitoni ya muyeso woyamba singakwanenso. Kachilembo kameneka kapulumutsa ndalama za anthu ambiri amene anakaona asanakwere basi.

Ngakhale mfunda utadziwika, funso silinathe, pakuti m'mimba ndi m'chipala: ana a mayi mmodzi sabadwa ofanana. Land Rover 2.25 yomweyo inali ndi ya petulo ndi ya dizilo. Mpaka cha mu 1980, chitsulo chake chachikulu chozungulira pansi, chimene amakaniko amati kiranki, chinkakhala pa maberingi atatu. Pambuyo pake anaikamo asanu, ndipo buloko yake inaumbidwa ndi nthiti zolimbitsira zoonekera kunja. Kiranki ya imodzi singalowe mu inzake. Morris Minor inanyamula injini zinayi m'moyo wake: ya 918 cc mu 1948, ya 803 cc mu 1952, ya 948 cc mu 1956 ndi ya 1,098 cc mu 1962. Zitatu zomalizazo ndi A-series zonse, zofanana nkhope ngati ana a bere limodzi, koma mapisitoni ake ndi osiyana. Wopita ku sitolo n'kungoti "ndikufuna pisitoni ya Morris" wanena zoona zimene sizingamuthandize.

Palinso ofanana nkhope amene si abale, ndi achichepere ooneka ngati okalamba. Injini za Lister zoyenda pang'onopang'ono, za mawilo awiri akuluakulu, zimene zinatumikira zigayo ndi mapampu ambiri, zinaleka kupangidwa ku England mu 1987, koma mafakitale a ku India, makamaka mumzinda wa Rajkot, anatengera mpangidwe wake n'kumapanga zawo pansi pa mayina osiyanasiyana. Patali n'zofanana, mpaka utoto wobiriwira. Pafupi, maberingi ndi zina zam'kati zimatha kusiyana. Mbali inayi, kagalimoto konyamula katundu ka Nissan 1400 kanapangidwa ku South Africa mpaka 2008 ndi injini ya mpangidwe wakale, wa kabuleta. Woiona angailembere zaka makumi asanu, chikhalirecho ndi ya dzulodzuloli ndipo zipangizo zake n'zosavuta kupeza. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Komanso si mkuyu uliwonse wooneka wofota umene uli wowola.

Wina angafunse kuti khama lonseli n'lachiyani pa chitsulo chadzimbiri. Yankho loyamba ndi ndalama. Msodzi kapena mwini chigayo amene wasonkhanitsa phindu la nyengo yonse ya usipa n'kupita nalo ku Limbe kapena ku Lilongwe kukagula gasiketi, maringi ndi maberingi mongoganizira, amabwerako ndi katundu wosakwana, ndipo wasitolo salandiranso chimene chatsegulidwa. Yankho lachiwiri ndi moyo. Gasiketi yokakamizidwa imene yatseka kanjira ka madzi, kapena bawuti ya mamilimita yolowetsedwa mwamphamvu m'bowo la mainchi, zimagwira ntchito pagombe koma zimadzasiya pamene injini yatentha. Galimoto ikafa pa msewu wa ku Liwonde anthu amatsika n'kukankha. Boti likafa pakati pa nyanja mwera utauka m'miyezi yozizira, palibe potsikira. Kudziwa zaka za injini kumathandizanso pa za mafuta: petulo wosakaniza ndi mtovu analeka kugulitsidwa m'mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara pofika kumayambiriro kwa 2006, ndipo injini zambiri zakale zopangidwira petulo woteroyo zimadyeka pokhalira mavalavu zikamagwira ntchito yolemetsa tsiku lonse, pokhapokha zitakonzedwa.

Yankho lachitatu ndi chilungamo. Injini zimabedwa, za maboti ndi za magalimoto zomwe, ndipo chinthu choyamba chimene wakuba amachita ndi kupala nambala. Munthu wosalakwa amene wafufuta nambala ya injini yake pofuna kuiyeretsa wadziveka yekha malaya a mbala, ndipo tsiku lofunsidwa adzasowa chosonyeza. Pogawa chuma cha masiye, chinthu chosadziwika mtengo ndicho chimene chimazembetsedwa msanga. Mayi wamasiye akauzidwa kuti "ichi n'chitsulo chabe" amalandira mtengo wa pa kilogalamu, pamene pampu ya dizilo yokha, kapena mutu wopanda mng'alu, zikanatha kugulidwa ndi wina amene akuyendetsabe injini ya mtundu womwewo. Zipangizo za Perkins 4.236 ndi za Land Rover 2.25 zikupangidwabe, ndipo injini zimenezi zimaukitsidwa. Wogula amene akudziwa dzina la chinthu, pamene wogulitsa sakulidziwa, wapambana kale malonda asanayambe.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo n'zoyenera kuzimva. Amati injini zakale zimamwa mafuta ambiri, zimafuka utsi, ndipo kumene magetsi afika chigayo cha mota chimaposa cha dizilo. N'zoona. Injini ya buloko yong'ambika kapena yodyedwa ndi madzi kwa zaka zambiri siyenera kulirira. Ipite ikasungunulidwe, ibadwenso ngati khasu kapena chitsulo chomangira nyumba. Koma chigamulo chimenecho chibwere mlandu utazengedwa, dzina litadziwika. Ena amati masiku ano foni imajambula ndipo intaneti imayankha. Foni ndi mnzake wachiwiri wabwino wa mwambi uja, koma imayankha molingana ndi chimene yapatsidwa. Chithunzi cha injini yonse yakuda ndi oyilo chimabweretsa mayankho khumi otsutsana. Chithunzi cha nambala yotsukidwa bwino, pamodzi ndi kuchuluka kwa masilinda, mtundu wa mabawuti ndi miyeso ya silinda, chimabweretsa yankho limodzi. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Woyenera kuyamba kuona ndi maso ake ndi mwini injini.

Choyenera kuchitika n'chosavuta ndipo sichifuna ndalama. Aliyense amene ali ndi injini, yakale kapena yatsopano, ya boti kapena ya chigayo, alembe m'kope mtundu wake, manambala ake onse awiri, kumene anaigula, chaka, ndi chilichonse chimene chasinthidwa, ndipo kopelo lisungidwe pamodzi ndi makalata ofunika a pabanja. Makaniko amene waika injini ya mtundu wina m'galimoto kapena m'boti auze mwini wake momveka, ndipo zilembedwe. Masukulu a ntchito zamanja monga Nasawa ku Zomba, ndi sukulu ya zausodzi ya ku Mpwepwe, angachite bwino kusunga injini zakale zingapo zoti ophunzira aziziwerenga monga amawerengera buku. Koposa zonse, amakaniko okalamba amene anakula ndi Bedford ndi Peugeot, amene amazindikira injini pongomva kulira kwake, afunsidwe adakali moyo, ndipo zonena zawo zilembedwe. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma.

Makolo sankathamangitsa mlendo asanamufunse kwawo, ndipo sankamupatsanso mwana wawo wamkazi asanadziwe mfunda wake. Zonse ziwiri ankaziona ngati phuma la munthu wosaleredwa. Wotaya injini asanaidziwe ndi woithira ndalama asanaidziwe ali m'gulu limodzi, ndipo akale anawatchula kale dzina lawo: safunsa anadya phula. Amene ali ndi chitsulo chotere kuseri kwa nyumba atenge palafini, burashi, choko ndi kope, aitane mnzake wachiwiri, makamaka wa imvi, ayambe kufunsa.